ZA UMOYO M'BANJA: Phazi Likatupa, Mtima Nawo Umalema

M'kope lino tikambirane za makolo athu okalamba kumudzi, makamaka aja amene asiya kupita kumzikiti kapena kudoko ndipo amangokhala duu pakhonde. Ife timafulumira kunena kuti ndi ukalamba. Ena amati iman yafooka, ndipo ena, Allah atiteteze, amayamba kunong'onezana za ufiti. Koma kawirikawiri vuto limayambira m'magazi.

Thupi likamaphwanya zakudya ndi maselo ake otha ntchito limapanga asidi wotchedwa uric acid. Impso zimachotsa magawo awiri mwa atatu a asidi ameneyu kudzera mumkodzo, wotsalayo amatuluka kudzera m'matumbo. Munthu akamakula impso zimachepa mphamvu, ndipo asidiyu akapyola mamiligalamu 6.8 pa mamililita 100 a magazi, amatha kuundana n'kukhala timiyala tosongoka ngati singano m'malo olumikizana mafupa. Iyi ndi nyamakazi yotchedwa gout. Imakonda kugwira chala chachikulu cha kuphazi usiku, chalacho n'kutupa, kutentha ndi kupweteka mwakuti ngakhale chitenje chokha chikakhudza, munthu amabuula. Imagwira kwambiri abambo, komanso amayi amene anasiya kusamba.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi maganizo? Kumbukirani m'mene malungo amachitira: chakudya sichikoma, thupi limalefuka, anthu suwafuna. Zimenezi zimachitika chifukwa asilikali a m'thupi akamamenya nkhondo amatulutsa mankhwala otchedwa cytokines, ndipo uthenga wake umafika ku ubongo. Asilikali omwewo ndi amene amaukira timiyala ta uric acid n'kuyambitsa kutupa. Malungo amatha pa masiku ochepa, koma kutupa kobwerezabwereza kumakhala zaka. Madokotala apeza kuti odwala gout amagwidwa matenda a maganizo kuposa anzawo, ndiponso kuti ambiri odwala maganizo amakhala ndi zizindikiro za kutupa m'magazi. Onjezerani kusowa tulo, kulephera kulima kapena kupalasa bwato, ndi ana amene ali kutali ku Joni, muona kuti katunduyo ndi wolemera.

Komabe kuyeza magazi kokha sikuonetsa za mumtima, pakuti ena odwala maganizo amapezeka ndi uric acid wotsika. Tiyenera kufunsa ndi kumvetsera. Gogo akakhala milungu iwiri kapena kupyola ali wachisoni, osadya bwino, osagona, osasangalala ndi zimene ankazikonda, kapena akamati "bola ndingofa", amenewo ndi matenda. Mu 2023 bungwe la WHO linanena kuti anthu pafupifupi 280 miliyoni padziko lonse anali nawo. Si kuchepa kwa chikhulupiriro ayi, ndipo chithandizo chake chilipo.

Tsono tichite chiyani? Choyamba, tiwaperekeze kuchipatala ndipo tikafotokoze zonse ziwiri, phazi ndi maganizo. Titenge mankhwala onse amene akumwa, chifukwa ena a BP monga hydrochlorothiazide, ndi a TB otchedwa pyrazinamide, amakweza uric acid. Asasiye okha kumwa, adokotala ndiwo aone chochita. Alipo mankhwala otsitsa asidiyu otchedwa allopurinol. Tisawazoloweze diclofenac kapena ibuprofen wogula pamsika, chifukwa amaononga impso ndi m'mimba mwa okalamba.

Chachiwiri ndi mbale. Pa Idi timapatsa akuluakulu chiwindi, impso ndi nthumbwana powalemekeza, koma kwa wodwala gout zam'kati zimenezi ndizo zimadzutsa ululu. Nsomba zing'onozing'ono zodyedwa zathunthu monga usipa azidya pang'ono, ndipo zakumwa zam'botolo zotsekemera azipewe. Masamba, nyemba, mazira ndi mkaka zilibe vuto. Madzi akhale ambiri. M'mwezi wa Ramadhani, nthawi ya dzuwa la kunyanja, amwe mokwanira kuyambira pa futari mpaka pa daku, ndipo ngati kufunga kukuwonjezera matenda, Sharia inapereka chilolezo kwa wodwala. Amene sangathe kuima kapena kupinda chala pa sijida aswali chokhala, asadzione ngati wolephera.

Chachitatu ndi kucheza. Ku Harare, mu 2006, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo ambiri athandizidwa. Ifenso tingathe. Mwana akaweruka kumadrasa akhale ndi agogo ake, amene ali ndi njinga awatenge kupita ku Juma, ndipo pokambirana za ukwati kapena za munda tiwafunse nzeru.

Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Sabata ino pitani mukaone phazi lawo, kenaka mukhale pansi muwafunse kuti, "Kodi mukumagona bwino?" Allah awapatse machiritso odwala athu onse. Wassalam.