Zithunzi Zoseketsa Zileke Kunyoza Akazi

Masiku ano m'manyuzipepala a dziko lathu, ndi m'mafoni amene anyamata agwira pa doko la Kaculu, mwacuruka zithunzi zoseketsa za anthu akulu, zimene azicha makatuni. Ife sitidana nako kuseka iai. Mmisiri wojambula nduna yakuba iri ndi mimba yonga nkhokwe acita nchito yabwino, pakuti akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma tiri nao mlandu amisiriwa pa cinthu cimodzi, ndico majambulidwe ao a mkazi, ndi a munthu ali yense wosayenda monga iwo ayesa kuti mwamuna kapena mkazi ayenera kuyenda.

Taonani, owerenga athu, mkazi wa m'zithunzizi. Kawirikawiri akhala mmodzi wa atatu: wolongolola wodikira mwamuna wace pakhomo mthiko uli m'manja, namwali wa m'tauni wobvala zothina wosirira thumba la ndalama, kapena mpongozi waukali. Mwamuna wophika nsima kapena wobereka mwana kumbuyo amjambula ngati wodyetsedwa khuzumule.

Tsono fanizirani zimenezi ndi akazi a kuno ku gombe la Cilwa. Ndani ayanika matemba, nawasenza kumka nao ku msika wa Zomba? Ndani aoka mpunga ku Likangala ndi ku Domasi? Pamene nyanja inaphwa m'caka ca 1968, ndiponso ca 1995, asodzi napacika maukonde ao, mabanja anatembenukira ku minda, ndipo pa mwambo wathu wa cikamwini munda uli wa mbumba. Mkazi wotere sitimuona m'zithunzi. Wojambula amsiya dala cifukwa saseketsa.

Ena adzati, izi ndi nthabwala cabe. Tiwakumbutse zinacitika. Lamulo la 1973 linaletsa akazi kubvala mathalauza, ndipo linacotsedwa m'caka ca 1993. Koma mu January 2012 anyamata ogulitsa malonda ku Lilongwe ndi ku Blantyre anabvula akazi poyera cifukwa ca zobvala zao. Sitinena kuti wojambula ndiye anawatuma. Cimene tinena ndi ici, kuti dzanja silibvula mkazi pamsika mtima usanayambe waphunzira kumuyesa cinthu coseketsa. Mu April caka comweco Mai Joyce Banda, mwana wa kwa Malemia m'boma lathu lino la Zomba, anakhala mtsogoleri wa dziko kufikira 2014. Kutsutsa ulamuliro wao kunali ufulu wa munthu ali yense. Koma amene anawacha wogulitsa mandasi anaseka umai wao pamodzi ndi nchito imene ilipirira ana ambiri sukulu.

Nthenda imeneyi iriponso kunja. Ku England, Reg Smythe anayamba kujambula Andy Capp mu Daily Mirror m'caka ca 1957, ndipo poyamba owerenga anaseka poona cidakwaco cirikumenya mkazi wace Flo. Pambuyo pace kumenyako kunacotsedwa, anthu atazindikira kuti sikuseketsa. Ku America, South Park, imene inayamba 1997, inaonetsa m'caka ca 2005 mphunzitsi wamwamuna wosandulika mkazi, nimcititsa manyazi m'njira zonyansa. Eni ace ati aseka anthu onse mofanana. Kodi nkhonya imodzimodzi ipweteka mofanana mfumu ndi mwana wamasiye?

Kwathu kuno tinaona cimene kuseka kotere kubala. Tiwonge Chimbalanga, amene anabadwa m'thupi la mwamuna nadzidziwa yekha mkazi, anagwidwa mu December 2009 pamodzi ndi Steven Monjeza atacita cinkhoswe ku Blantyre. Makamu anadza ku bwalo la milandu kudzaseka ndi kutonza. Mu May 2010 anawaweruza zaka 14, ndipo mwezi womwewo President Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Munthu aganize cimene afuna za mlanduwo. Koma kuseka munthu womangidwa maunyolo, wosakhoza kuyankha, sikufuna nzeru kapena kulimba mtima.

Cotero tipempha amisiri a zithunzi ndi akonzi a manyuzipepala kuti asanasindikize cithunzi adzifunse: kodi munthuyu timseka cifukwa ca cimene wacita, kapena cifukwa ca cimene ali? Mkazi akaba ndalama za boma, mjambuleni ngati mbala, monga mucitira mwamuna, osakuza ciuno cace. Ndipo ife aphunzitsi ndi makolo, tikapeza ana alikuseka cithunzi cotere pa foni, tisawalande foniyo msanga, koma tiwafunse ngati akadaseka wojambulidwayo akadakhala mai wao kapena mlongo wao. Kuongola mtengo mpoyamba, ndipo mnyamata amene aphunzira lero kuseka mkazi wa papepala adzakhala mkamwini m'mudzi mwa wina mawa.