Nsima si mfiti

Ku Chitungwiza kwabwera chipembedzo chatsopano, ndipo mfiti imene chikuisaka ndi nsima. M'magulu a WhatsApp, m'masaluni a ku Makoni ndi m'makombi opita ku Harare, ulaliki ndi umodzi: siyani sadza, buledi, mpunga ndi mbatata, muzidya nyama, mazira ndi mafuta, mimba iphwa. Dzina lake ati Banting kapena keto. Alaliki ake amationetsa zithunzi za mwezi woyamba ndi wachitatu. Cha chaka chachiwiri amachibisa, chonsecho nkhani yagona pamenepo.

Kadyedweka n'kakale. William Banting, wokonza maliro wa ku London, adalemba kabuku kofotokoza momwe adachepetsera thupi mu 1863. Kuno kum'mwera kwa Africa adakatchukitsa ndi Tim Noakes wa ku Cape Town ndi anzake, m'buku la The Real Meal Revolution la 2013. Zoti munthu amatsikadi pa sikelo palibe akukana. Koma zambiri zimene zimachoka m'masabata oyamba ndi madzi. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse ya shugayo imagwira magalamu pafupifupi 3 a madzi. Nkhokweyo ikatha, madziwo amatuluka ndi mkodzo. Mukangodya mitanda iwiri pamaliro, abwerera.

Nanga pakapita nthawi? Mu 2018 ofufuza a ku Stanford University adatulutsa zimene adapeza pa anthu 609 amene adawatsata kwa miyezi 12. Ochepetsa sitachi ndi shuga adatsika makilogalamu 6, ochepetsa mafuta adatsika 5.3. Kusiyana kwake n'kosanunkha kanthu. Kuthamanga si kufika. Komanso munthu akaonda, thupi limayamba kuumira mphamvu, njala n'kukula. Thupi likabwerera, alaliki aja amati mwini wake ndi waulesi, alibe mtima wolimba. Mlandu wa chiphunzitso chawo amausenzetsa munthu amene adawalipira.

Tiyeni tilowe m'nyumba ya ku St Mary's kapena ku Zengeza. Ife amene agogo athu adachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale tikudziwa kuti mphika ndi umodzi. Mayi wogulitsa tomato ku Chikwanha aphike nsima ya ana asanu, kenaka adzikazingire yekha nyama ana akupenya? Ndalama yake aitenga kuti? Nyamayo aisunga bwanji magetsi akamazimazima? Paukwati, pamaliro ndi kumsonkhano wa kutchalitchi, wokana nsima amaoneka wonyada, mwinanso wokayikira ophika. Ndipo m'tauni imene Edzi idatilanda abale ambiri, woonda mwadzidzidzi amayamba kulozedwa zala. Kadyedwe kamene kamakuchotsa pa mbale ya banja lako sungakhale nako zaka khumi.

Ndisamveke ngati ndikuti zonse zili bwino. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi zikutha anthu, ndipo mbale yathu ili ndi mlandu wake: phiri la nsima ya ufa woyera, ndiwo zongolawa, tiyi wa masupuni anayi a shuga, botolo la zoziziritsa kukhosi pambali. Boma la Zimbabwe lidaika msonkho pa shuga wa m'zakumwa mu 2024, ndipo pamenepo lidalasa. Kwa odwala shuga, kuchepetsa sitachi kumathandizadi. Koma amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga asayerekeze kusiya nsima asanaonane ndi a kuchipatala, chifukwa shuga akhoza kutsika mpaka munthu kukomoka. Izinso ogulitsa ndandanda ya zakudya pa foni sanena.

Njira yokhalitsa ilibe chithunzi chodabwitsa, n'chifukwa chake palibe akuigulitsa. Wodya mitanda itatu adye umodzi ndi theka. Mgaiwa ulowe m'malo mwa ufa woyera. Mapira, mawere ndi mchewere, zimene makolo ankadya chimanga chisanafike kuchokera ku America, zibwerere mumphika. Ndiwo zichuluke kuposa nsima: nkhwani wotendera, bonongwe, repu, khobwe, nyemba, kapenta wa ku Kariba. Shuga wa mu tiyi atsike supuni imodzi imodzi, zakumwa zotsekemera zikhale za pa Khirisimasi. Tsikani kombi patali pang'ono, muyende. Zonsezi banja lonse lingachitire limodzi, ndipo ana akula nazo.

Choncho wina akadzakuuzani kuti mulipire kuti akuphunzitseni kudana ndi nsima, mumufunse mafunso awiri. Mwa amene adawaphunzitsa zaka ziwiri zapitazo, ndi angati thupi silidabwerere? Nanga iyeyo akapita kumudzi, amayi ake akamuikira nsima pamphasa, amaibweza? Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, makamaka mnzako amene akudyerapo.