Pogula Zam'kati mwa Kompyuta, Yambirani pa Pulosesa

Mwana akafika ku sekondale kapena ku koleji, nkhani ya kompyuta siichedwa kulowa m'nyumba. Ambirife sitingakwanitse yatsopano ya m'katoni, choncho timagula yakale, kapena timasonkhanitsa zipangizo pang'onopang'ono: mwezi uno ichi, mwezi wamawa icho, china atumize m'bale wa ku Joni. Nzeruyi ndi yabwino, ndipo kompyuta ya patebulo imalola zimenezi kuposa laputopu. Koma ndalama za banja zimatayikiranso pomwepa. Pali zipangizo zitatu zimene zikapanda kugwirizana, kompyuta siiyaka n'komwe, ndipo ogulitsa ambiri sabweza ndalama katundu akatsegulidwa.

Choyamba ndi pulosesa, kachipangizo kakang'ono kamene kamachita masamu onse a kompyuta. Chachiwiri ndi motherboard, thabwa lalikulu lija pamene zina zonse zimalumikizidwa. Chachitatu ndi RAM, tizidutswa tooneka ngati rula yaifupi, mmene kompyuta imasungamo kwa kanthawi zimene ikugwira pa nthawiyo. Pulosesa ndi imene imalamula mtundu wa motherboard, ndipo motherboard imalamula mtundu wa RAM. N'chifukwa chake timati tiyambire pa pulosesa.

Mapulosesa a makompyuta a patebulo amene timawapeza m'mashopu ndi a makampani awiri, Intel ndi AMD. Malo amene pulosesa imakhazikika pa motherboard amatchedwa soketi, ndipo ya Intel siilowa pa soketi ya AMD. Izi ambiri timazidziwa. Chimene chimatipusitsa ndi dzina. Wogulitsa akati "iyi ndi Core i5", sanatiuze kanthu. Zili ngati kufika mu Lilongwe n'kumafunsa kunyumba kwa a Banda. Core i5-3470 inatuluka mu 2012, Core i5-12400 inatuluka mu 2022. Zonse ndi i5, koma sizibwerekana motherboard ngakhale RAM. Manambala oyamba pambuyo pa kamzere ndi amene amanena m'badwo wake: 3470 ndi ya m'badwo wachitatu, 8500 ndi ya m'badwo wa 8, 12400 ndi ya m'badwo wa 12.

M'badwo uliwonse uli ndi soketi yake. Wachiwiri ndi wachitatu umakhala pa LGA1155, wachinayi pa LGA1150, wa 10 ndi 11 pa LGA1200, ndipo wa 12, 13 ndi 14 pa LGA1700. Msampha weniweni uli pa LGA1151. Soketi imeneyi inagwiritsidwa ntchito kuyambira m'badwo wa 6 mpaka wa 9, ndipo pulosesa iliyonse ya mibadwo inayiyi imakhazikika bwinobwino pamalopo. Komabe motherboard ya H110 kapena B250 inapangidwira m'badwo wa 6 ndi 7, pamene ya H310 kapena B360 inapangidwira wa 8 ndi 9. Tikaika i5-8500 pa H110, ilowa, tikhoma zonse, koma sikirini ikhala yakuda bii. Kulowa pamalo si umboni wakuti zagwirizana.

Ku AMD zinthu n'zosavutirapo. Soketi ya AM4 inanyamula mapulosesa a Ryzen kuyambira a 1000 mpaka a 5000, ndipo AM5 inabwera mu 2022 ndi Ryzen 7000. Chovuta chake n'chakuti motherboard yakale ya AM4, monga B450 imene inakhalitsa pashelefu, ikhoza kukana Ryzen 5000 mpaka BIOS yake, kapulogalamu koyatsira kompyuta kokhala mu motherboard momwemo, itakonzedwa kukhala yatsopano. Ndipo nthawi zambiri kuti aikonze pamafunika pulosesa yakale yoti aiyatsire. Ntchito imeneyi aichite wogulitsa tisananyamule katundu.

Kampani iliyonse yopanga motherboard, kaya ASUS, Gigabyte, MSI kapena ASRock, imaika pa webusaiti yake mndandanda wa mapulosesa amene motherboard iliyonse imalandira. Bandulo ya intaneti ya kuona mndandandawo ndi yotchipa kwambiri poyerekeza ndi motherboard yoti ikangokhala m'kabati.

Tibwere ku RAM, kumene mabanja ambiri amayambira chifukwa ndi kumene kompyuta yochedwa imachira msanga. Mitundu imene ili pamsika ndi DDR3, DDR4 ndi DDR5. Iliyonse ili ndi kampata kumunsi kwake, pamalo osiyana ndi inzake, dala kuti isalowe pa motherboard yolakwika. DDR4 ndi DDR5 zonse zili ndi timano 288 ndipo kutalika kwake n'kofanana, moti munthu akhoza kuganiza kuti ikungolimba n'kuyamba kukanikiza. Ikakana, tisakakamize; timathyola malo ake. Mphamvu ya magetsi imene imadya ndi yosiyananso: DDR3 wamba imafuna mavoti 1.5, DDR4 1.2, DDR5 1.1.

Mibadwo ya Intel yachiwiri mpaka yachinayi imayenda ndi DDR3. AM4 imayenda ndi DDR4 yokha, AM5 ndi DDR5 yokha. Pa LGA1700 m'pamene pamafunika maso: pulosesa yake imalandira DDR4 komanso DDR5, koma pafupifupi motherboard iliyonse inapangidwira mtundu umodzi. Ma motherboard awiri a B760 akhoza kufanana dzina ndi maonekedwe, wina wa DDR4, wina wa DDR5. Tiwerenge katoni mpaka kumapeto kwa dzina.

Tikamatuma achibale akunja, tiwauzenso kuti ndi ya kompyuta ya patebulo. RAM ya laputopu ndi yaifupi ndipo siilowa. Palinso ina yochokera m'makompyuta akuluakulu a makampani, yolembedwa kuti Registered kapena RDIMM, imene imagulitsidwa motchipa mokopa. Pa motherboard wamba siigwira ntchito.

Nanga yochuluka bwanji? Pa ntchito ya sukulu, kulemba makalata ndi intaneti, 8GB ikukwana, ndipo 16GB imapatsa mpata wopuma kwa zaka zingapo. Tizidutswa tiwiri ta 8GB timathamanga kuposa kamodzi ka 16GB, chifukwa pulosesa imatunga mbali ziwiri nthawi imodzi. Pa motherboard ya malo anayi, kawirikawiri tiwirito timaikidwa pachiwiri ndi pachinayi kuwerengera kuchokera ku pulosesa, koma kabuku kake ndiko kanene. Tikasakaniza yothamanga ndi yochedwa, zonse zimayenda pa liwiro la yochedwayo. Ija yokhala ndi magetsi ophethira amitundumitundu ife sitiona chifukwa choilipirira. Siithandiza mwana kukhoza mayeso.

Kachilembo ka kumapeto kwa dzina la pulosesa nakonso kamadya ndalama. Ya Intel yothera ndi F, monga i5-12400F, imatsika mtengo chifukwa ilibe mbali yotulutsa zithunzi pa sikirini, ndipo imafuna khadi ya zithunzi yogula payokha. Ku AM4 n'zotembenuka: Ryzen 5 5600G, ya G kumapeto, imatulutsa zithunzi yokha, pamene Ryzen 5 5600 siitero. Ngakhale motherboard ikhale ndi pobayira waya wa sikirini, popanda mbali imeneyi mu pulosesa sipatuluka kanthu.

Makompyuta ambiri a kaunjika amene timawaona m'matauni mwathu ndi opuma ntchito m'maofesi, monga Dell OptiPlex ndi HP ProDesk. Ndi olimba ndithu, koma ambiri mwa iwo motherboard yake, bokosi lake ndi mawaya a magetsi anapangidwa mwa kampaniyo yokha, moti motherboard ya kushopu siikhalamo bwino. Amenewa tiziwonjezera RAM basi, osalimbana ndi kusintha motherboard. Pulogalamu yaulere ya CPU-Z imaonetsa dzina la pulosesa, la motherboard ndi mtundu wa RAM imene ilimo, osamasula ngakhale sikuluwu imodzi. Tikumbukirenso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 kawirikawiri imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Kompyuta ya m'badwo wachinayi ikhoza kutumikirabe, koma tisailipire ngati ya dzulo.

Popita kukagula, tilembe papepala dzina lonse la pulosesa, la motherboard ndi la RAM, ndi manambala ake onse, ndipo tipemphe wogulitsa alumikize zitatuzo n'kuyatsa ife tikuona. Ngati tikuika tokha RAM kunyumba, tizule kaye waya kukhoma, tigwire chitsulo cha bokosi kuti magetsi obisika m'thupi achoke, makamaka nyengo youma, ndipo kachidutswako tikagwire m'mbali, osati pa timano take. Kakalowa bwino, tokowera ta m'mbali timatsekeka tokha n'kumveka kuti tha. Tikayatsa, titsegule Task Manager n'kuona ngati nambala ya RAM imene ikuoneka ndi imene tinalipira.