Ndalama za Sukulu kwa Ngokwe: Kodi Makolo Auzidwa?

M'mwezi wa October caka ca 2025 Mtsogoleri wa dziko lino, Professor Arthur Peter Mutharika, analengeza kuti maphunziro a sekondale m'sukulu za Boma adzakhala aulere kuyambira January 2026. Mau amenewa ndi okondweretsa, makamaka kumadera akutali monga kwa Mfumu Ngokwe, m'boma la Machinga, kumene nyanja ya Chiuta iri pa malire a dziko lathu ndi la Mozambique. Komatu tiyenera kucenjezana, pakuti liu lakuti "ulere" linatisokonezapo kale.

M'caka ca 1994 Boma la Dr Bakili Muluzi, amenenso kwao ndi ku Machinga, linathetsa fizi ku pulayimale, ndipo ciwerengero ca ana cinakwera kucokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Cinali cinthu cacikulu zedi. Koma m'midzi yambiri makolo anamva ngati sukulu tsopano ndi ya Boma lokha. Anthu amene kale anali kuumba njerwa ndi kufolera nyumba za aphunzitsi anapinda manja. Sitiwadzudzula ai, palibe amene anawakhazika pansi nawafotokozera cimene cathetsedwa ndi cimene cawatsalira.

Pofuna kukonza zimenezi, Boma linalemba m'caka ca 2004 ndondomeko yoti anthu a m'midzi atengeko mbali poyendetsa sukulu zao, ndipo kuyambira 2010 linayamba kutumiza ku sukulu ndalama zimene aphunzitsi azicha SIG. Kayendedwe kake nkotere: makolo, mafumu, aphunzitsi ndi komiti ya sukulu akhala pamodzi nalemba zosowa zao, mlangizi wa zoni aziona, ofesi ya maphunziro ya pa boma izibvomereza, ndipo ndalama zilowa m'buku la sukulu ku banki. Mphunzitsi wamkulu sangazitape yekha popanda a komiti kusaina. Pa pepala zonsezi ziri bwino ndithu.

Bvuto liri pakati pa pepala ndi khutu la kholo. Ciyembekezo ca Boma ndi cakuti ndalama zolandiridwa, ndi m'mene zagwirira nchito, zilembedwe poonekera. Tsono taganizani za kwa Ngokwe. Anthu ambiri kumeneko ndi Ayao, cilankhulo ca pakhomo ndi Ciyao, ndipo akuluakulu ambiri, makamaka amai, sanapite patali ndi sukulu. Cikalata ca m'Cingerezi comatidwa mkati mwa ofesi ya ahedi, imene mai wa m'mudzi aopa ngakhale kugogoda, sicinauze munthu kanthu. Msonkhano woitanidwa Lacisanu masana, anthu ali ku mzikiti, kapena m'nyengo yooka mpunga m'madambo a Chiuta, upeza mabenchi okha. Pambuyo pake mlembi alemba kuti makolo a kuno alibe cidwi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma afunse bwanji munthu wosadziwa kuti pali cofunsa?

Inu aphunzitsi, kubisa kumeneku kupweteka inu poyamba. Mudziwa bwino kuti ndalama izi nthawi zina zifika mocedwa. Caka ca cuma ca Boma ciyamba pa 1 April kuyambira 2022, pamene caka ca sukulu ciyamba mu September, ndipo kholo siliwerenga miyezi imeneyi. Ilo liona denga lodontha, limva mphekesera yakuti Boma linatumiza ndalama, basi mlandu laweruza: ahedi adya. Pamene palibe malisiti oonetsedwa pagulu, mphunzitsi wokhulupirika ndi wakuba aoneka cimodzimodzi, ndipo wokhulupirikayo ndiye amva kuwawa koposa.

Nchito yodzipereka nayo ifa ndi nthenda yomweyi. Amai ophika phala, a gulu la amai olondola atsikana osiya sukulu, abambo otuta mcenga ndi miyala, onsewa salandira malipiro. Cimene afuna ndi kudziwa kuti thukuta lao lipita kuti. Citsanzo ndi ici: m'caka ca 2018 anakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga za Boma, pofuna kuteteza mitengo. Mudzi umene sunauzidwe ungathe kutema nkhuni, kuotcha uvuni wathunthu, kenaka nkumva kuti omanga afuna njerwa za simenti. Mudzi wotere mudzauitana kaciwiri, koma sudzabwera.

Malamulo ena ofunika agona m'mafaelo. Kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka aloledwa kubwerera ku sukulu. Lamulo la Maphunziro la 2013 liti mwana aliyense ayenera kuphunzira pulayimale, ngakhale mnyamata amene mtima wake uli pa ukonde ku Chiuta. M'caka ca 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo akulu a dziko kuti pasakhale ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Ndipo kuyambira pa 30 September 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a Boma ligwira nchito, kotero kholo lofunsa za ndalama za sukulu silicita cipongwe.

Cofunika sicidya ndalama zambiri. Khonsolo ya Machinga, ndi ya Balaka imene inapatukana nayo m'caka ca 1998, zilengeze tsiku ndi kuculuka kwa ndalama zimene zapita ku sukulu iriyonse. Potsegulira teremu, wapampando wa komiti awerenge mokweza, m'Ciyao ndi m'Cicewa, pa bwalo la anyakwawa, malisiti ali m'manja. Mashehe ndi abusa apemphedwe kulengeza tsiku la msonkhanowo. Ndipo mlangizi wa zoni akafika kudzayendera, asathere mu ofesi ya ahedi: afunseko amai awiri kapena atatu pa mjigo ngati adziwa ndalama zimene sukulu yao inalandira caka cino.