Satifiketi ya utsogoleri siimitsa chikwanje

Anzathu, zithunzi zija mumaziona nanunso pa Facebook. Mabwana a polisi ataima mizere itatu kutsogolo kwa hotela ya kunyanja, yunifolomu yosita bwino, aliyense satifiketi m'manja. Pansi pake alemba kuti amaliza maphunziro a utsogoleri, ndipo tsopano polisi yathu itumikira anthu mwaukadaulo. Timawomba m'manja? Ayi. Ife tatopa.

Tisanamizidwe kuti tikudana ndi sukulu. Ambirife tili ndi madigiri amene akungodyedwa ndi njenjete m'sutikesi, ndiye mtengo wa pepala timaudziwa kuposa aliyense. Funso lathu ndi limodzi: maphunziro amenewa akusintha chiyani pa tsiku limene ife tili mumsewu?

Pa 26 June 2025, ku Lilongwe, anyamata a zikwanje anagwira a Sylvester Namiwa pa zionetsero n'kuwavulaza dzuwa likuswa mtengo. Apolisi analipo. Asilikali analipo. Kanema wake tonse tinamuonera pa foni. Ndiye tiuzeni, mwa apolisi amene anaima pamenepo, ndani sankadziwa kuti munthu akamatemedwa umayenera kumulanditsa? Zimenezo sizifuna wekishopu ya masiku asanu ku Mangochi. Mwana wa sitandade 4 amazidziwa. Chimene chinasowa tsiku limenelo ndi bwana mmodzi woti anene kuti gwirani anthu awo. Panali wina amene ankalamula gulu lija, ndipo ali ndi dzina ndi udindo. Kaya anaopa, kaya anauzidwa kuti angoyang'ana, iyeyo ndi amene tikufuna ayankhe.

Ndipo si zachilendo. Pa 20 July 2011 ambirife tinali ku pulayimale, koma manda a ku Zolozolo ku Mzuzu alipobe, pitani mukaone. Anthu 20 anafa pa zionetsero za masiku amenewo. Mu February 2019 a Buleya Lule anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission linapeza kuti anazunzidwa, mpaka ndi magetsi. Mu October chaka chomwecho wapolisi anaphedwa ndi miyala kwa Msundwe. Imfa imeneyo inali yoipa, sitikuibisa. Koma kubwezera kwake kunagwera amayi ndi atsikana a kwa Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu. Mu August 2020 khothi lalikulu ku Lilongwe linagamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipepeso chifukwa chogwiriridwa ndi kuchitidwa nkhanza ndi apolisi. Chipepesocho chimachokera ku misonkho, kutanthauza kuti analipira ndi inu ndi ife, nthawi iliyonse tikagula mayunitsi kapena sopo. Nanga bwana amene anatumiza galimoto ija kumidzi, amene anailandira itabwerako osafunsa kanthu, analipira chiyani? Titchulireni dzina lake ndi chilango chake.

Apa m'pamene pagona nkhani. Polisi yathu ilibe njala ya maphunziro. Masukulu alipo: Limbe, Mtakataka, Mlangeni, ndi koleji ya mabwana ku Zomba. Community policing inayamba m'zaka za m'ma 1990. Dzina linasinthidwa kuchoka ku Force kukhala Service. Malamulonso ndi omveka. Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko limatipatsa ufulu wochita zionetsero mwamtendere, opanda zida. Gawo 158 limati polisi isakhale chida cha chipani. Zonsezi amaziloweza n'kukhoza mayeso. Koma wapolisi si chitsiru, amaona yekha amene akukwezedwa ndi amene akuponyedwa kumudzi kopanda netiweki. Akaona kuti womvera foni ya wandale ndi amene akuwonjezeredwa nyenyezi paphewa, phunziro lenileni walitenga pamenepo, za m'kalasi zija n'zongodikirira alawansi. Ndipo musatinamize kuti ndi chipani chimodzi. Zipani zasinthana ku State House, koma utsi wokhetsa misozi umanunkha chimodzimodzi.

Mmodzi wa ife anagona m'selo chaka chatha. Ankachokera kogulitsa zovala za kaunjika madzulo, digiri yake ya zachuma ili phee kunyumba. Anamukweza m'galimoto, akuti ukuyenda usiku bwanji. Iye anawakumbutsa kuti gawo la vakabu lija khothi linalithetsa mu January 2017 pa mlandu wa a Mayeso Gwanda. Anamuyankha ndi mbama, akuti ndiwe loya eti. Kutacha achemwali ake anauzidwa kuti apeze kangachepe kuti atuluke, pomwe aliyense amadziwa kuti belo ya ku polisi ndi yaulere. Chimene chinamupweteka kwambiri si mbamayo. Ndi bwana wa pa siteshoni amene anadutsa pa kauntala, n'kuona zonse, n'kulowa mu ofesi mwake. Mwina naye ali ndi satifiketi pakhoma.

Kwa inu apolisi achinyamata amene muli m'magulu athu a WhatsApp, tikudziwa mulimo ndipo mukuwerenga. Sitikulimbana ndi inu. Tinali limodzi ku sekondale, tinkalembera limodzi ntchito, inu mwayi unakugwerani. Tikudziwa nyumba zimene mukukhala, tikudziwa kuti malipiro safika pa 15. Zinthu zikavuta amene amajambulidwa nkhope ndi inu, amene amaponyedwa miyala ndi inu, amene amakaima m'khothi ndi inu. Wolamula uja amakhala ali ku Area 30, kapena kunyanja kukaphunzira utsogoleri.

Ndiye kwa a Inspector General, kwa aphungu amene amavomereza kusankhidwa kwawo, ndi kwa mabungwe akunja amene amalipira maphunzirowa, tikuti izi. Pa zionetsero zilizonse zimene tapereka chidziwitso kwa DC monga lamulo linenera, dzina la wolamula apolisi tsiku limenelo lilengezedwe kusanache, kuti magazi akakhetsedwa tisamauzidwe kuti tikufufuza. Bwana amene anthu avulazidwa kapena kufera m'selo iye akuyang'anira asakwezedwe, asatumizidwenso ku kosi ina iliyonse, mpaka nkhani yake itatha. Ndipo ndalama zimene mukuthira m'mahotela, gawo lina lipite ku Independent Complaints Commission. Ofesi imeneyi inalembedwa mu Police Act ya 2010, koma panatha zaka khumi isanapatsidwe komishonala. Zaka khumi, anzathu! M'zaka zimenezo ma wekishopu sanaimepo.

Inu opereka thandizo, musanasaine cheke china, funsani kuti mwa amene munawaphunzitsa kale ndi angati anakanapo lamulo loipa, ndipo ali kuti lero.

Kwa tonsefe: mukamangidwa, lowezani dzina kapena nambala ya wapolisi, nthawi ndi siteshoni. Musalipire belo. Lamulo limati pasanathe maola 48 mukhale mutaonekera kukhothi kapena mutatulutsidwa. Mukatuluka kadandauleni ku Independent Complaints Commission, ndipo mutumize uthenga kwa ma admin a gulu lanu kuti tisunge kaundula wathu.

Tumizani uthengawu m'magulu onse, ngakhale la kumpingo.