Paipi ya Kuseri kwa Shopu Yanu Ikutimwetsa Chiyani?

Lowani kuseri kwa mashopu a ku Kamwala mu Lusaka, kumene kasitomala safika. Mupeza makina opangira ayezi, zipinda zozizira za mabucha, jenereta ikubangula, ndipo pambali pake dramu la madzi. M'dramumo amizamo paipi yalabala yochokera kumpope wa Lusaka Water, kukamwa kwake kuli pansi penipeni. Mwini wake akuti ndi nzeru, makina asamasowe madzi. Ine ndikuti ndi umbanda.

Madzi amayenda m'mapaipi chifukwa mapampu akuwakankha. Magetsi a ZESCO akazima, kapena paipi yaikulu ikaphulika mumsewu, mphamvu ija imagwa, ndipo paipi imayamba kuyamwa m'malo motulutsa, ndendende mmene anyamata amakokera petulo m'thanki ya galimoto. Zam'dramu zonse zimabwerera: dzimbiri, ndere, mankhwala otsukira makina, ngakhale madzi obiriwira a m'rediyeta aja, amene kawirikawiri amakhala ndi ethylene glycol, poizoni wowononga impso. Madzi akabwera m'mamawa, woyamba kutunga ndi mayi wa nyumba yoyandikana nanu, wofuna kuphikira mwana phala. Akulu amati choipa chitsata mwini. Ichi chimatsata mnansi.

Kumbukirani 2024, madzi atachepa ku damu la Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lathunthu. Mpope uliwonse umene unkauma unali mpata woti paipi ija iyamwe.

Wina anena kuti ndikukokomeza. Mu 1933 ku Chicago, pa nthawi ya chionetsero chachikulu cha dziko lonse, mapaipi olumikizidwa molakwika m'mahotela analowetsa zonyansa m'madzi akumwa, ndipo kamwazi anapha anthu 98. Nanga ife? Kumayambiriro kwa 2018 asilikali anali m'misewu ya Lusaka chifukwa cha kolera. Mu January 2024 bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, ana n'kuchedwa kubwerera kusukulu. Sindikuti kolera ameneyo anatuluka m'madramu a ku Kamwala, ayi. Ndikuti mzinda umene waika maliro ochuluka chonchi sungamasewere ndi madzi akumwa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mliri ukagwa, woyamba kuthamangitsidwa ndi mayi wogulitsa tomato pakhonde la shopu. Dengu lake limaoneka. Koma bwana wa m'shopumo, amene walumikiza madzi a chitsime chake chakuya ndi a kampani pa paipi imodzi, n'kuikapo pampu yokokera, ndani amamufunsa? Kodi chiphaso cha bizinesi chimatuluka munthu atasuzumira kuseri, kapena atangoona lisiti?

Chonsecho mankhwala ake ndi otchipa mochititsa manyazi. Paipi ithere m'mwamba, pamwamba pa mlomo wa thanki, patsale mpata wosachepera kuwirikiza kawiri kukula kwa kukamwa kwa paipiyo. Madzi sangalumphe mpata umenewo kubwerera. Pamene makina ayenera kulumikizidwa mwachindunji, pakhale valavu yoletsa madzi kubwerera, ndipo pamene pali mankhwala, kavalavu kamodzi ka pahadiweya sikakwanira: kamchenga kakalowa, kamatsala yasa. Pamafunika valavu ya zitseko ziwiri yotayira madzi panja ikalephera, yoyesedwa chaka ndi chaka ndi pulambala wodziwa ntchito, osati mlamu wanu amene ali ndi sipanala.

NWASCO inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1997 kuti iziyang'anira za madzi m'dziko muno. Khonsolo ya mzinda ili ndi oyendera zaumoyo. Lusaka Water ili ndi anthu owerenga mamita mwezi uliwonse. Maso alipo okwanira. Ayambe kuyang'ana kupitirira mita, ndipo amene wapezeka alibe chotetezera amudulire madzi mpaka akonze.

Inu a shopu, musadikire kalata. Pitani kuseriko lero, mukazule paipi ija m'dramu.