Amoyo asadikire nkhata

Ndili pasukulu ku Zomba, ndinkadutsa kawirikawiri pa chipilala cha asilikali a Keyala chija, pafupi ndi Cobbe Barracks. Zithunzi za pa Facebook ndinajambulitsapo kangapo, koma dzina ngakhale limodzi sindinawerengepo. Zamanyazi, eti?

Komatu maina amenewo ndi a anyamata amsinkhu wathu omwe anafa pankhondo ya 1914 mpaka 1918. Pankhondo yachiwiri, enanso anatsikira kulichete ku Burma. Ndipo sizakale zokha ayi: mu 2018, asilikali athu 6 anaphedwa ku DRC akusungitsa mtendere.

Omwalirawo timawaikira nkhata mwezi wa Novembala. Nanga amoyo? Ngati kwanuko kuli agogo omwe anavalapo yunifolomu, musadikire maliro. Pitani Loweruka lino, foni ikhale m'thumba, mukhale pamkeka, mumve nkhani zawo. Potsazika munene kuti, "Zikomo, agogo."